Tsiku la Mapazi

1. M'khola la nsungwi

Pakhonde la malemu a Tekbahadur Khadka, kwathu ku Thulopakha, anamangapo kachipinda ka mikeka ya nsungwi. Kukula kwake, ngakhale mbuzi ziwiri zikanadandaula. M'menemo ndi mmene munkakhala Pabitra, mwana mmodzi yekha wa malemuwo, mtsikana wa zaka 19 amene tinazolowera kumuona m'mawa uliwonse akutsetsereka phiri ngati wakuba nkhuku.

Tsopano sankathamanganso. Anali pa kiriya, mwambo wa masiku khumi ndi atatu umene mwana amakhalira kholo lake likamwalira. Anavala nsalu yoyera yosasoka, tsitsi osapesa, kumapazi kopanda nsapato. Ankagona pa mapesi a mpunga. Ankadya kamodzi patsiku, mpunga wodziphikira yekha, wopanda mchere. Sankaloledwa kukhudza munthu, ndipo munthu sankaloledwa kumukhudza. Ngakhale galu wapakhomo, amene za miyambo sazidziwa, ankamuingitsa ndi ndodo kuti asayandikire.

Amayi ake, a Januka, anali m'kachipinda kawo kumapeto ena a khonde, zibangili zawo zitaphwanyidwa monga amachitira ndi mkazi wamasiye. Mayi ndi mwana ankaonana pamipata ya nsungwi, koma kukumbatirana ayi.

Tisanamizane, Pabitra m'kholamo sanamukankhiremo munthu. Analowa yekha.

A Tekbahadur anagwa mumtengo akusadzira njati zawo zoweta masamba. Poti analibe mwana wamwamuna, aliyense ankadziwa kuti moto wotenthera mtembo kumtsinje ayatsa ndi mkulu wawo, a Dilliram. Amenewa anali munthu wouma, wosaseka wamba. Mkazi wawo anamwalira kale, ndipo ankakhala okha. Anthu ankati kalelo anali ndi kamnyamata kamene kanamwalira kali kakang'ono, koma dzina lake silinkatchulidwa pakhomopo.

Mtembo utagonekedwa pankhuni, Pabitra anadutsa pakati pa amuna n'kutambasula dzanja. Anati bambo ake asiya mwana, ndipo mwanayo ndi iyeyo. A Dilliram anamuyang'ana nthawi yaitali, muuni uli m'manja.

"Mwanawe, tamvera," anatero. "Muuniwu ndi wopepuka, ngakhale mwana wa dzulo akhoza kuunyamula. Cholemera ndi chimene chimabwera pambuyo pake. Woyatsa moto ndiye amakhala kiriya, ndipo woiyamba ndiye amaimaliza. Si khasu loti ukatopa n'kupatsira mnzako. Kukazizira ukasambabe kumtsinje. Njala ikakupweteka ukhalabe. Anzako akakuitana sutuluka. Sindikukukaniza chifukwa ndiwe mkazi, zimenezo masiku ano ansembe akuloleza. Ndikukukaniza chifukwa iwe ndiwe wa miyendo, pamene ntchito iyi ndi yokhala pansi. Ukalandira muuniwu walira mvula, ndiye matope ake usadzawakane."

"Ndipatseni, bambo aakulu," anayankha Pabitra.

Tsiku limenelo tonse tinamutama. Palibe amene anakumbukira kuwerenga masiku, ngakhale mwini wakeyo.

2. Chipsera

Pachifuwa pa Pabitra pali chipsera chachitali. Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, akangoyenda pang'ono ankachita befu, milomo n'kuda bii. Nthawi imeneyo msewu unali usanafike kwathu. A Tekbahadur anamuika m'dengu la kumsana, lamba pamphumi, n'kuwoloka naye mapiri mpaka kukapeza basi yopita kumzinda wa Kathmandu. Kuchipatala cha ana, Dokotala Shakya anapeza kuti mtima wa mwanayo unali ndi kabowo, ndipo anakatseka. Chipatalacho sichinawauze bambowo kuti agulitse njati kapena munda.

Nkhani imeneyi a Tekbahadur ankaisimba paukwati, pamaliro, ngakhale kwa munthu wongofunsa njira. Tinkaidziwa pamtima, kapena tinkaganiza choncho.

Chaka chino chipatalacho chinkafuna galimoto yoti izizungulira m'midzi ya kumapiri kupima mitima ya ana, kuti matenda azidziwika msanga. Chinapempha anthu kuti athamange mjaho wautali wa marathoni mumzindamo, aliyense atapeza omulonjeza zopereka akamaliza mtunda wonse. Pabitra analembetsa. Dokotala Shakya anamupima kaye, kenako anaseka n'kunena kuti mtima umene anausoka yekha sungamuchititse manyazi.

Mudzi wonse unalonjeza. Wina ndalama, wina mbuzi, wina mtsuko wa uchi. Aphunzitsi a zamasewera, a Phulmaya Gurung, ndiwo ankamuphunzitsa kathamangidwe. A Tekbahadur ankamudikirira pamphambano ndi botolo la madzi a ndimu ndi mchere, akumakuwa kuti wachedwa ngakhale asanachedwe. Anamugulira nsapato zofiira, ndipo ankauza aliyense kuti adzaima pomalizira mjaho atavala chipewa chawo cha paukwati.

Nsapatozo anazipachika okha pa msomali wa pamtanda wa khonde, dzulo lake la ngozi. Zinali zidakali pomwepo. Pabitra akakhala m'kholamo n'kukweza maso, choyamba kuchiona chinali nsapato zofiira zija.

3. Mbamu za kumtsinje

M'mawa uliwonse Pabitra ankatsikira kumtsinje, a Dilliram akutsogola chapatali n'kumauza anthu kuti apatuke. Ankasamba madzi ozizira ochokera ku chipale chofewa cha pamwamba pa mapiri, kenako n'kuumba mbamu imodzi ya mpunga wosakaniza ndi chitowe ndi mkaka. Ankaiika patsamba, wansembe wathu a Chudamani akunena mapemphero atakhala pamwala, ambulera ali kumutu.

Tsiku lachitatu a Chudamani anamufotokozera tanthauzo la mbamuzo. Anati thupi la bambo ake linatha ndi moto, ndipo mzimu sungayende ulendo wopita kwa makolo wopanda thupi lina. Mbamu iliyonse imawaumbira chiwalo. Ya tsiku loyamba inawapatsa mutu, yachiwiri khosi ndi mapewa.

"Ya lero ndi mtima," anatero. "Uumbe bwino. Za mitima iwe ukuzidziwa kuposa ine."

Pabitra anaumba mbamuyo. Atamaliza anafunsa kuti nanga mapazi adzabwera liti. Wansembeyo anati mawondo ndi tsiku lachisanu ndi chitatu, mapazi lachisanu ndi chinayi. Mtsikanayo anawerenga pa zala, n'kubwerezanso. Tsiku la mapazi linali Loweruka, tsiku la mjaho.

Anafunsa ngati sizingatheke kuumba mbamu ziwiriziwiri kuti amalize msanga. Anafunsanso ngati bambo aakulu sangamugwirire tsiku limodzi lokha. A Chudamani anapinda ambulera wawo.

"Mwana wanga, unamuona mmisiri akufolera denga asanazike nsanamira? Chiwalo chilichonse chili ndi tsiku lake. Ndipo dzanja limene linayatsa moto ndi lokhalo limene womwalira amalizindikira. Wina akaumba, mbamuyo yangokhala chakudya cha akhwangwala. Makolo anatiuza kuti njira ya kumeneko ndi yaitali, ili ndi minga ndi mchenga wotentha, mthunzi mulibe. Amene ana ake anamuumbira zonse amayenda n'kukafika. Amene anamusiya pamawondo amakwawa. Ine kumeneko sindinapiteko, sindingakunamize kuti ndinaona. Koma sindinaonenso mwana amene anayesa dala kuti aone ngati n'zoona."

Masiku otsatira anali olemera. Anthu obwera kudzapepesa ankakhala pabwalo, n'kumasuzumira m'kholamo. Amayi ena a pakamwa posatseka ananong'ona mokweza kuti miyendo ija lero yamangidwa ngati ya nkhuku yopita kumsika. Ena anafunsa ngati mbuzi yolonjeza ija aziisungabe kapena aigulitse. Pabitra ankangoimirira, kuyenda kuchoka ku mkeka uwu kufika ku mkeka uwo, n'kukhalanso pansi. Anali ndi chisoni cha bambo ake, komanso anali wokwiya, ndipo analibe woti amukwiyire.

4. Basi ya masana

Tsiku la mawondo, chakumasana, a Phulmaya anafika wefuwefu atanyamula chikwama. Anaima kunja kwa mpanda wamiyala, pakuti pabwalo la kiriya sulowa mwachisawawa. Anati basi ya ku Kathmandu inyamuka pokhota msewu posachedwa, ndipo agula mipando iwiri. Pampandapo anaika malaya othamangira olembedwa dzina la chipatala, ndi botolo la madzi a ndimu ndi mchere.

"Madamu, ndili pa kiriya," anatero Pabitra ali m'kholamo.

"Ndikuona, maso ndili nawo. Koma ana a m'wodi muja asoka mbendera ya dzina lako. Dokotala Shakya akupuma pantchito chaka chino, ndipo akuti adzaima yekha pomalizira. Wathamanga miyezi yonseyi kuti ukhale m'khola? Bambo ako akanakhala pano, bwenzi atakukankhira okha m'basimo. Akufa adikira, Pabitra. Mwana wa bowo mumtima sadikira."

A Dilliram, amene ankapota chingwe pakhomo pa khola la njati, anadzuka. A Phulmaya sanawaope. Anawauza kuti akuluakulu a pano amakonda kwambiri mwana akakhala pansi, chifukwa wokhala pansi savuta kulamulira. A Dilliram anayankha kuti aphunzitsi a masiku ano amaphunzitsa ana kuthawa asanawaphunzitse kuima. Anthu a pabwalo anasiya tiyi wawo n'kutchera makutu.

Kenako bambo aakuluwo anatembenukira kwa mtsikanayo, ndipo mawu awo anali otsika.

"Mwanawe, chipata icho chilibe loko. Ine kukugwira sindingakugwire, mwambo womwewo ukundiletsa. Aphunzitsi akowa sakunama, ana odwala alipodi, ndipo zimenezo ndikuzidziwa kuposa mmene iwo akuganizira. Koma usadzinamize kuti uchita zonse ziwiri. Mapanga awiri avumbwitsa. Sabata yathunthu sunalawe mchere, ukudya kamodzi patsiku, ndiye ukufuna ukagwe pamsewu wa eni ake, mtima wosokedwawo uli pakhosi? Ngakhale utamaliza, mendulo ukailandire ndi dzanja limene lasiya mbamu ya bambo ako? Mjaho ubweranso chaka cha mawa. Tsiku la mapazi a Tekbahadur ndi limodzi, silibweranso. Ndanena. Miyendo ndi yako."

Pabitra anasuzumira kwa amayi ake. A Januka anati iwo sakumumanga, achite chimene mtima wake ukumuuza. Atatero anatembenukira kukhoma n'kufunda nsalu kumutu.

Kumunsi kwa phiri, basi inaliza hutala.

5. Pachipata

Pabitra anatsegula mkeka n'kutuluka. Anthu anapatuka msangamsanga, amayi akukoka ana awo kuti asamukhudze. Anafika pamtanda, anatambasula dzanja n'kuchotsa nsapato zofiira pa msomali paja. Wina anatsonya. A Dilliram anakhalanso pansi n'kutola chingwe chawo, koma sanapote.

Anadutsa pabwalo. A Phulmaya anatsegula chipata. Basi inalizanso hutala.

Pafupi ndi chipatacho, kunsi kwa mulu wa nkhuni, panali mapatapata a bambo ake. Anawavula patsinde pa mtengo uja asanakwere, ndipo wina anawatola n'kungowaponya pamenepo. Anali akuda, otha, kumbuyo kutabooka, chingwe chimodzi chomangidwa ndi waya. Munthu wogulira mwana nsapato zofiira ankayenda ndi zimenezo.

Pabitra anaima. Anawayang'ana nthawi yaitali moti a Phulmaya anayamba kuponda pansi.

"Madamu," anatero, "munthu ukakhala m'dengu suona kutsogolo. Umaona pansi, pamipata ya nsungwi. Za ulendo uja ndinaiwala zonse, ngakhale nkhope ya dokotala tsiku loyamba sindikuikumbukira. Chimene ndimakumbukira ndi zidendene za bambo. Zinali zong'ambika, zikutuluka magazi, koma sizinkaima."



Mtsikanayo anaika nsapato zofiira pampanda, pambali pa botolo lija. Anapempha a Phulmaya kuti akauze Dokotala Shakya kuti sanaiwale, ndipo akauze ana a m'wodi kuti mbenderayo asaitaye. Aphunzitsiwo anakwiya, misozi ili m'maso. Anamuuza kuti tsiku lina adzanong'oneza bondo, ndipo anatola malaya aja n'kutsetsereka okha.

Pabitra anabwerera m'khola n'kutseka mkeka. Tinamva basi ikubuula pokwera chitunda, mpaka phokoso lake linazilala. Pamenepo analira mokweza, kuposa mmene analirira tsiku la maliro. A Januka nawo analira kumapeto kwa khonde, dzanja litagwira nsungwi. Pabwalo panali anthu ambiri, koma panalibe ndi mmodzi yemwe woti n'kumusisita kumsana.

Achinyamata ena amaganiza kuti ukasankha bwino mtima umazizira pomwepo. Si choncho. Pabitra madzulo amenewo mpunga wake sanaudye n'komwe.

6. Madengu

Loweruka m'mawa anatsikira kumtsinje monga mwa masiku onse. Kutsidya, munthu wina wodula udzu anali atatsegula wailesi ya pafoni, ndipo mawu a muulutsi ankamveka bwino pamwamba pa madzi. Ankanena za khamu la othamanga limene linali litangonyamuka. A Chudamani anakweza mapemphero awo kuti aphimbe phokosolo, koma mawu awo ndi a munthu wokalamba.

Pabitra anasamba, anagwada n'kuyamba kuumba. Anawonjezera mpunga, n'kuwonjezeranso, mpaka mbamu inadzaza manja onse awiri.

"Kodi ukuwaumbira mapazi a njovu?" anafunsa wansembeyo.

"Mwati njirayo ndi yaitali," anayankha. Anaiika patsamba mosamala.

Pobwerera, a Dilliram anali patsogolo monga mwa nthawi zonse, mpata woti sangakhudzane uli pakati pawo. Atafika pokwera, Pabitra anawaitana. Anawauza kuti kiriya ikatha, iye sadikira chaka cha mawa. Adzathamanga yekha njira imene bambo ake anamunyamulira, kuchokera pakhomo mpaka pamsewu wakale wa basi. Amene analonjeza mbuzi ndi uchi adzabwere adzaone ndi maso awo, ndipo zoperekazo zidzapite kuchipatala.

A Dilliram sanatembenuke. Anati njira imeneyo inafa msewu watsopano utabwera, tchire linaitseka, ndipo pena phiri linagumukira. Anati amene ankaidziwa bwino ndi anthu awiri amene anaiyenda ulendo uja, ndipo mmodzi wa iwo wangopatsidwa mapazi lero.

"Awiri? Bambo ankati anali okha."

"Ndinamupempha ndine kuti azitero." Bambo aakuluwo anaima, msana atamulozetsa mtsikanayo. "Madengu anali awiri, mwanawe. M'dengu linalo munali Netra, mwana wanga. Matenda ake anali ngati ako, koma iye tinachedwa naye. Anasiya kupuma tili pansi pa mkuyu wopumulirapo apaulendo, msewu ukuoneka chakumunsi. Mwana wamng'ono satenthedwa, ndiye tinamukwirira pomwepo. Tekbahadur anapitirira nawe. Ine ndinabwerera ndi dengu."

Kutsidya kuja muulutsi ankakuwabe, koma Pabitra sankamumvanso.

"Galimoto ukuithamangirayo ikanakhalapo chaka chimenecho, bwenzi lero ndili ndi mwana," anapitiriza a Dilliram. "Ukuganiza kuti dzulo zinali zapafupi kwa ine kukuuza kuti ukhale? Koma ndakuona ukuumba lero, ndipo ndamuchitira nsanje mng'ono wanga. Ine ndikadzagona pankhuni paja, wondiumbira mapazi palibe."

Pabitra anathamangira kutsogolo, dzanja atatambasula kuti awagwire paphewa. Litatsala pang'ono kufika anakumbukira, ndipo linaima m'malere. Kiriya inali isanathe.

"Alipo, bambo aakulu," anatero.

Mapewa a munthu wouma uja anagwedezeka. Anapukuta nkhope ndi chipewa chawo, anachivalanso, n'kuyamba kukwera chitunda.

"Chiyambire chaka chimenecho, njira imeneyo sindinaipondenso," anatero osacheuka. "Sindikudziwa ngati mkuyuwo udakalipo. Kiriya ikatha, kachotse nsapato zako pampanda paja, ine ndinola chikwanje. Usanathamange, tikayambe tamupeza Netra."